Wamasiye wa pa Tepi Nambala 47

1

Pali chinthu chimene ndinachisunga m'mimba milungu itatu osauza munthu, ngakhale pilo wanga. Nyimbo ya amayi anga itasowa ku wailesi, aliyense pa Ulongwe anapeza womuloza chala. Ena ankati ndi magetsi, ena makoswe, koma ambiri ankati ndi a Blasius. Ine palibe anandiganizira, poti ndine uja woti mlendo akalowa m'nyumba ndimathawira kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Dzina langa ndine Ilham, ndili ndi zaka 18. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinayamba kuthandiza pa wailesi ya m'dera mwathu podikira zotsatira. Za kuyankhula pa maikolofoni musaziganize. A Modester, mkulu wa wailesiyo, anandiyesapo tsiku lina kuti ndiwerenge uthenga wa mbuzi yosowa. Ndinangofika pa "mbuzi", mawu n'kuthera pomwepo. Choncho ananditumiza kuchipinda chakumbuyo, kwa a Blasius ndi Njovu.

Njovu ndi kompyuta yaikulu, yaitali kuposa ine, imene kampani ina ya mu mzinda inatipatsa itagula yatsopano. Imalira ngati chigayo chakutali. Chilichonse chojambulidwa mu situdiyo chimalowa m'menemo. Pakatha masiku asanu ndi awiri, Njovu imachisamutsira pa tepi, kabokosi kokwana m'dzanja, kenako imalemba mzere m'kaundula wake: dzina la chinthucho, nambala ya tepi, ndi malo amene chakhala.

A Blasius ndi bambo a ku Utale, okonda kuyimba nyimbo za Misa chapansipansi akamagwira ntchito. Tsiku loyamba lomwe anandiphunzitsa izi:

"Kaundula ameneyu ndiye mutu wa Njovu, mwanangu. Tepi ikhoza kudzaza mpaka pakhosi, koma mzere wake ukasowa m'kaundula, Njovu idzalumbira kuti sinaonepo kanthu. Wamva?"

Ndinamva. Ndinamvetsa kwambiri, ndipo vuto linayambira pomwepo.

2

Chaka chimenecho wailesi inakonza mpikisano wa nyimbo zolimbikitsa kudzala mitengo. Makwaya a m'matchalitchi analembetsa, magulu a Asilamu oyimba kaswida nawonso, ngakhale ana a sukulu. Wopambana ankayenera kutenga zokuzira mawu zatsopano.

Amayi anga, a Sofia, ndiwo amatsogolera gulu la amayi a dawa a kumzikiti kwathu. Iwo ndi ine tinangofanana mphuno basi. Akayamba kuyankhula pamsika, ngakhale woitanira minibasi amayamba wakhala chete kuti amveko. Bambo anatisiya ndili Sitandade 6, ndipo kuchokera pamenepo amayi andilera okha ndi malonda a nandolo ndi chimanga.

Anabwera kudzajambula Loweruka masana, amayi khumi ndi asanu, onse mu yunifolomu yobiriwira yosokedwa ndi a Uladi, telala wa ku Nsanama. Dzina limeneli mulisunge. Anayimba mokoma moti a Blasius, omwe sadziwa kaswida, ankagwedeza mutu. Mwayi wojambula unali umodzi wokhawo, chifukwa a Ramla, amene mawu awo ndiwo ankanyamula nyimbo yonse, ankanyamuka m'mawa mwake kutsatira amuna awo ku Joni.

Onse atatuluka, ine ndinatsala kuti ndibwezere mipando ndi kupinda mawaya. Ndinatseka chitseko. Zimene ndinachita m'menemo ndikuuzani, koma ndiloleni kaye ndipeze mtima. Pakadali pano mungodziwa kuti zinatenga mphindi khumi ndi imodzi, komanso kuti kanyali kofiira kosonyeza kuti makina akujambula kanali kataphimbidwa ndi mpango umene mayi wina anaiwala.

3

Patapita masiku asanu ndi anayi, a Blasius anandituma kuyang'ana m'kaundula uthenga wina wa maliro. Ndikutsetsereka ndi mizere, ndinaona mzere wa nyimbo ya amayi. Pansi pake panali wina: situdiyo, Loweruka, mphindi 11, dzina palibe, tepi 47.

Ndinkadziwa chizolowezi cha a Blasius. Mwezi ukamatha, chilichonse chopanda dzina amachimvetsera pa sipika yaikulu, chitseko chili chotsekula, kuti achipatse dzina.

Nthawi ya nkhomaliro ananyamuka.

"Ndikagule tchipisi kwa mnyamata uja wa pansi pa mtengo wa mango. Ndikubweretsere?"

"Iyayi, ndakhuta."

"Iwe umakhuta mphepo eti? Chabwino, undilondere Njovu."

Anapita osatseka, Njovu ili yotsekula m'dzina lawo. Ndinakhala pampando wawo. Ndinayesa kufufuta zojambulazo, Njovu inakana: zili kale pa tepi. Pamenepo ndinakumbukira phunziro lija. Sindinafunikire kufufuta mawu anga, ndinangofunika kuti Njovu iwaiwale.

Koma munthu wa phuma sasankha bwino. M'malo mwa mzere wanga, ndinagwira mzere wa pamwamba penipeni, wa tepi yonse. Njovu inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ine, makutu ali kukhomo, ndinavomera osawerenga. Mizere makumi atatu ndi iwiri inangoti zii, pamodzi ndi nyimbo ya amayi. Tepi 47 inakapezeka pa mndandanda wa matepi opanda kanthu.

Tepi yopanda kanthu Njovu imaiitanitsa kuti ilembepo zatsopano. Ndinathamangira pashelefu, ndinaitulutsa, n'kukankha kachotsekera kofiira ka pambali pake, kamene kamaletsa kulembapo. Ndinaibwezera kumapeto kwenikweni kwa mzere wa matepi. A Blasius polowa anandipeza ndikusesa pansi poyera.

Ndikanatha kuwauza pomwepo. Ndinatsekula pakamwa ndithu. Chimene chinatuluka ndi "Mwabwerako?"

4

Nkhani inaphulika sabata yotsatira, oweruza atapempha nyimbo zonse. Ya amayi a dawa sinapezeke. A Modester anayang'ana mu chipika cha Njovu, momwe mumalembedwa aliyense wogwira kaundula, ndipo munali dzina limodzi lokha: Blasius, Lolemba, 12:40.

Amayi anafika ku wailesi dengu lili pamutu, sanadutse n'kunyumba komwe.

"A Blasius, ndimakulemekezani ngati achimwene anga. Kodi mu kwaya ya ku Utale ija, amene amaima kutsogolo atavala magalasi si akazi anu?"

"Ndi iwowo, Mayi a Ilham."

"Ndiye nyimbo yawo ilipo?"

"Ilipo."

"Ya ife Asilamu yokha ndiye inamera mapiko?"

"Zasowa zinthu zambiri, mayi, si yanu yokha. Ngakhale uthenga wa mbuzi."

"Mbuziyo inalowa nawo mpikisano?"

A Blasius anangovula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati ngati yankho lili m'menemo. Pa Ulongwe pano Asilamu ndi Akhristu timagulitsa pa benchi imodzi, timalira maliro amodzi, koma nkhani ngati iyi sichedwa kupeza miyendo. Pofika madzulo anthu ankawatchula a Blasius kuti Bambo Fufuta. A Modester anati komiti ya wailesi ikhala Lachisanu la sabata inayo, ndipo ngati palibe cholongosoka, a Blasius akatule makiyi. Anagwirapo ntchito zaka zisanu ndi zitatu.

Kunyumba ndinasiya kudya bwino. Amayi ankaganiza kuti ndikudandaula nawo.

"Usawonde chifukwa cha ine, mwana wanga. Allah amaona. Wochita zimenezi adzayaluka dzuwa likuswa mtengo."

"Ameen," ndinayankha.

Itakwana nthawi ya pambuyo pa swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, foni yawo inalira monga mwa masiku onse. Anaitenga n'kuzungulira kuseri kwa bafa, akunena kuti ndi kasitomala wa nandolo.

5

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti komiti ikhale, a Blasius anapempha kuti achite chimene amachitcha kalembera. Ndi ntchito yotenga tsiku lonse, n'chifukwa chake amaichita kamodzi pachaka. Amayi atamva, anati akhalapo. Anabwera ndi lichero la nandolo, anakhala pakona n'kuyamba kusenda.

"Kalembera wake ndi wotani?" anafunsa. "Mundiuze m'Chichewa, osati zanu zija."

"Zili chonchi, mayi. Njovu iwerenga tepi iliyonse, kenako iyerekeza ndi kaundula. Chimene chili pa tepi koma m'kaundula mulibe, ndimachitcha wamasiye. Chimene chili m'kaundula koma pa tepi palibe, ndimachitcha mzukwa. Poyamba tingoyang'ana osakhudza kanthu. Tikatero ndikopera kaundula yense pambali, ndiye tiyambe kukonza."

"Kukoperako n'kwa chiyani?"

"Wokonza nayenso amalakwitsa. Pamafunika pobwerera."

"Ehe, mwayamba kuvomera."

A Modester, omwe anaima pakhomo, anatsokomola kubisa kuseka.

Ntchito yanga inali yopereka matepi, imodziimodzi. Nthawi zonse a Blasius amawerengetsa okhawo amene kaundula akuti ali ndi zinthu, koma tsiku limenelo anati onse alowe, ngakhale opanda kanthu. Dzuwa litapendeka ndinafika kumapeto kwa shelefu. Ndinawapatsa tepi 47 ngati ndikupereka khala lamoto.

Anaitembenuza, n'kuima nayo.

"Zodabwitsa. Tepi yopanda kanthu sitsekedwa. Wina anafufuta mzere, kenako anathamanga kudzateteza katundu. Wakuba wake ndi wotseka chitseko potuluka kuti mbuzi zingalowe."

Sanandiyang'ane. Bola akanandiyang'ana.

Njovu inalira kanthawi, n'kutulutsa zotsatira: mizukwa iwiri yakalekale, ndi amasiye makumi atatu ndi awiri, onse pa tepi 47.

"Alhamdulillah," anatero amayi. "Ndiye tiikireni nyimbo yathu."

"Amasiye sakhala ndi mayina, mayi, ndi manambala okha. Tiwamvetsera mmodzimmodzi, ndipo aliyense timulembera mzere watsopano."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinadzikumbira ndekha dzenje, n'kuliikira ndi makwerero otsikira.

Woyamba anali mitengo ya tomato. Wachiwiri ulaliki wa abusa ena. Kenako mbuzi ija, kenako mlangizi akufotokoza za mbozi za m'chimanga. A Blasius ankamvetsera pang'ono, n'kulemba dzina, mzere n'kubwerera m'kaundula. Nandolo wa amayi ankachepa m'makoko, ine ndikuwerenga manambala otsala. Pa nambala 31 mawu a a Ramla anadzaza chipinda chonse. Amayi anasiya kusenda, anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Nyimbo itatha anawongola khosi.

"Yapezeka, inde. Koma anaibisa ndani? Munthu akabweza nkhuku ataona kuti eni ake afika, sitinena kuti sanabe."

"Chipika chikutchulabe dzina lanu, a Blasius," anatero a Modester mwachisoni. "Komiti idzafunsa zomwezo."

Panatsala wamasiye mmodzi, wa mphindi khumi ndi imodzi. Sindikudziwa chimene a Blasius anaona pankhope yanga, koma ulendo uno anazimitsa sipika n'kuvala mahedifoni. Patapita mphindi imodzi mapewa awo anayamba kugwedera. Anagwira pakamwa. Misozi inatsika. Anavula mahedifoni n'kupuma ngati munthu wokwera phiri.

"Uyu sindimulemba. Mwini wake alipo, adzamutchula yekha dzina."

"Mwaona?" anatero amayi. "Akubisanso china. Ikani pa sipika timve tonse."

"Sindiika, mayi."

"A Blasius," anatero a Modester, "mukakana, mawa ndilibe chokutetezerani nacho."

A Blasius anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo mofatsa.

6

Tsopano ndikuuzeni. Ine amene sinditha kuwerenga uthenga wa mbuzi, ndikakhala ndekha ndimatha kuyankhula ndi mawu a munthu aliyense. Aphunzitsi anga onse, a Modester, woitanira minibasi, onsewo ndili nawo pakhosi pano. Mawu anga okha ndiwo amandithawa.

Foni ya amayi inagwera m'madzi chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo imamveka pokhapokha akaika pa sipika. Zenera la chipinda changa layang'ana kubafa. Kasitomala wa nandolo uja ndi a Uladi, telala wa ku Nsanama, omwe akazi awo anamwalira kalekale. Tsiku lililonse amafunsa funso lomwelo la ukwati, ndipo amayi amayankha chimodzimodzi: "Dikirani kaye, mwana uja adzandiona bwanji?" Loweruka lija, mu situdiyo, ndinasewera foni yonseyo, mbali zonse ziwiri.

Ndinayang'ana makiyi aja patebulo. Ndinaimirira.

"Ndine."

"Ndiwe chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndine ndinafufuta. A Blasius anali atapita kukagula tchipisi. Ndinkafuna kuchotsa mzere umodzi, ndinachotsa tepi yonse. Wamasiyeyo ndi wanga."

Amayi anandiyang'ana ngati mbuzi yawayankhula.

"Iwe Ilham? Muli chiyani m'menemo choti munthu wamkulu ataye ntchito?"

"Mumvere nokha, amayi. Pa mahedifoni, chonde."

Ndinkafuna kuwasungira ulemu. Chimene ndinaiwala n'chakuti munthu wovala mahedifoni sadzimva kukuwa kwake, makamaka amayi anga. Poyamba nkhope inali yolimba. Kenako nsidze zinakwera.

"Astaghafirullah, ameneyu ndi ine ndithu." Anamveranso pang'ono. "Iyayi, apa wanama. A Uladi sanena kuti 'duwa langa'. Amati 'batani la malaya anga'."

A Modester anatuluka panja mothamanga, ndipo tinawamva akuseka kuseri kwa khoma. A Blasius anayamba kuyang'ana kudenga akuyimba ya Misa. Amayi anamvera mpaka kumapeto, kenako anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Ndayankhula mokweza?"

"Pang'ono, mayi," anatero a Blasius.

Kenako amayi nawonso kuseka kunawagwira, anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Atapuma ananyamula lichero lonse la nandolo wosenda n'kukagwada nalo pamaso pa a Blasius.

"Achimwene, ndinakuipitsirani dzina pamsika. Mawa m'mawa ndikalitsuka pamsika pomwepo, ndi pakamwa pomwepa. Ndiwo izi mukapatse alamu anga a magalasi."

"Dzukani, mayi. Inenso ndili ndi mlandu, ndinasiya Njovu yosatseka chifukwa cha tchipisi." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, kufufuta kuja kunali kulakwa, koma milungu itatu ya chete ija ndiyo inandipweteka. Wamva?"

"Ndamva. Mundikhululukire."

"Zatha. Khala apa, mzere womalizawu ulembe wekha, m'dzina lako. Tizimutcha ndani wamasiyeyu?"

Amayi ndiwo anayankha: "Lembani kuti kasitomala wa nandolo. Ndipo asadzaulutsidwe mpaka ine nditafa."

7

Inu owerenga, makamaka anzanga amanyazi, ndilibe nzeru zambiri zoti ndikugawireni. Ndinkaganiza kuti munthu wosayankhula sangalakwire wina. Koma chete wanga anatsala pang'ono kuchotsa bambo wosalakwa pa ntchito, ndi kudanitsa anthu ogulitsa pa benchi imodzi. Kufufuta mzere sikuchotsa chimene chili pa tepi, kumangodikiritsa tsiku la kalembera.

Za mpikisano, amayi a dawa anakhala achiwiri, kwaya ya ku Utale yachitatu. Zokuzira mawu anatenga ana a Sitandade 4, ndipo mpaka lero amayi ndi akazi a a Blasius amagwirizana kuti oweruza anakondera. A Modester anandiika mu sewero la Lachitatu, momwe ndimayankhula ngati anthu anayi, bola chitseko chikhale chotseka. Kalembera tsopano timachita mwezi uliwonse, ndipo ndine ndimakopera kaundula tisanayambe.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Tikupita kunyumba, dzuwa lidakalipo, tinadutsa pa siteji ya minibasi. Lichero lopanda kanthu linali m'khwapa mwa amayi.

"Pamapeto paja," anatero osandiyang'ana, "unasiya mawu anga, unasiya a a Uladi. Unati 'Amayi' ndi mawu akoako, kenako zii mpaka kutha. Unkafuna kunena chiyani?"

Foni inayamba kulira m'chikwama mwawo. Tonse tinadziwa kuti ndi ndani. Ndinafufuza pakhosi panga pakati pa mawu onse a eni ake aja, mpaka ndinapeza anga.

"Ndinkafuna kunena kuti musandidikire, amayi. A Uladi ndinawavomera kalekale. Yankhani foniyo pompano, kubafa kuja udzudzu wachuluka."